KHANSA YA CHIWINDI IKAPEZEKA MSANGA SILIRA MPENI

Awa ndi mau amene mtolankhani wa nyuzipepala ino adayankhula pa msonkhano wa makomiti a zaumoyo a m'midzi. Tawasindikiza monga adayankhulidwira.

Ndiyambe ndi kuulula kuti sindine dokotala. Ntchito yanga ndi yolemba nkhani, ndipo sukulu ya ukachenjede yomwe ndidaisiyira panjira. Chimene chandiimika pano ndi maliro a malume anga, komanso mafunso amene ndakhala ndikufunsa kuyambira tsiku limene tidawaika m'manda.

Malume anali bambo wa zaka 43, mlimi wa mtedza, munthu wosalawa mowa. Adayamba ndi kudandaula kuti chakudya sichikuwakomera. Kenaka kudadza ululu kunsi kwa nthiti za kumanja, mimba nkuyamba kutupa pamene thupi lonse likutha, maso nkuchita chikasu. Kumudzi kudamveka zambiri. Ena amati adyetsedwa, ena amati ndi nkhani ya malire a munda. Tidataya miyezi iwiri ndi mbuzi zitatu tikuyenda kwa asing'anga. Titafika nawo ku chipatala chachikulu, adokotala adawaunika m'mimba, natiitanira pambali nkutiuza kuti ndi khansa ya chiwindi, yakula kale, tibwerere nawo kumudzi tikawasamale. Adatipatsa mankhwala opha ululu. Miyezi itatu siidakwane.

Koma adokotala aja adanena mau ena amene mpaka lero sandichoka m'mutu. Adati: "Mukadabwera chotupachi chikadali chaching'ono, tikadakamba zina." Zina zake ziti? Ndizo ndabwera kudzakamba lero.

CHIWINDI SICHIDANDAULA MSANGA

Akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mwambi umenewu ndi woona pa matenda ambiri, koma pa chiwindi umatisocheretsa. Chiwindi ndi chiwalo chopirira. Chimapitiriza kugwira ntchito yake ngakhale mbali ina itaonongeka, ndipo chotupa chaching'ono m'kati mwake sichipweteka. Pamene munthu wayamba kumva m'mimba, nthawi zambiri nthendayo imakhala itapita patali.

Si malume okha. M'chaka cha 2017 madokotala adasindikiza zimene adapeza pa odwala khansa ya chiwindi oposa 2,500 m'maiko 9 a mu Africa. Kupatula dziko la Egypt, m'maiko enawo odwala 3 okha mwa 100 aliwonse ndiwo adalandira chithandizo cholimbana ndi khansayo. Theka la odwalawo lidamwalira pasanapite miyezi iwiri ndi theka, ndipo theka linali la anthu a zaka 46 kutsika m'munsi, anthu amene ana awo akadali pa sukulu. Malawi sadali m'gulu la maikowo, koma amene mudadwazikapo matendawa mukudziwa kuti nkhaniyi ndi yathu yomwe.

Tsono madokotala akamati khansa yapezeka msanga amatanthauza chiyani? Pali muyeso umene udakonzedwa ku Barcelona m'chaka cha 1999, ndipo zipatala zambiri pa dziko lapansi zimautsata. Chotupa chikakhala chimodzi chosaposa masentimita 2, kukula ngati nkhomo ya bawo, amati khansa yangoyamba kumene. Chikakhala chimodzi chokulirapo, kapena zikakhala zotupa zosaposa zitatu, chilichonse chosaposa masentimita 3, ngati chitsekerero cha botolo la Fanta, amati ikadali yoyambirira. Koma pamafunikanso kuti khansayo ikhale isanalowe m'mitsempha ya magazi kapena kufalikira kwina, chiwindi chikhale chikugwirabe ntchito, ndipo munthuyo akhale akuyenda ndi kugwira ntchito zake. Pano ndikukamba za khansa yoyambira m'chiwindi momwemo, osati yochokera ku bere kapena m'matumbo nkudzafika kuchiwindi.

Ambiri tikamva za khansa timaganiza za opaleshoni. Nzoona, kudula mbali ya chiwindi imene ili ndi chotupa ndi chithandizo chabwino, ndipo kuika chiwindi china, monga amachitira ku South Africa ndi ku India, kumachotsa khansa pamodzi ndi chiwindi chodwalacho. Koma odwala ambiri amakhala ndi chiwindi chouma, chodzaza zipsera, chimene sichingapirire mpeni. Chiwindi chongoika chimalira munthu wopereka, ndalama zankhaninkhani ndi mankhwala a moyo wonse. Nchifukwa chake madokotala adafunafuna njira zophera chotupa pamalo pomwe chili, osang'amba mimba.

NJIRA ZA SINGANO

Njira yoyamba, yakale ndi yotsika mtengo kuposa zonse, idayambira ku Japan ndi ku Italy m'zaka za m'ma 1980. Dokotala amayang'ana chotupa pa makina ounikira a ultrasound, omwe aja amaunikira amayi oyembekezera, nalowetsa singano yowonda kupyola khungu mpaka m'chotupamo, nkupoperamo ethanol. Mankhwalawa amaumitsa ndi kupha chotupacho. Amabwereza kangapo pa masabata angapo, ndipo njirayi imagwira bwino pa chotupa chosaposa masentimita 2. Pa chotupa chokulirapo ethanol safika paliponse, ndipo khansa imaphukiranso m'mbali.

Ndaona ena mwamwetulira. Ayi abambo, sindikunena kachasu. Womwa mowa amaononga chiwindi, sachiza. Uyu ndi ethanol woyengedwa mwapadera, wolowa ndi singano pamalo amodzi. Komabe taganizani: dziko lino lakhala likupanga ethanol ku Dwangwa kuyambira 1982, makina a ultrasound alipo m'zipatala zathu zambiri, singano si chinthu cha mtengo wa ndege. Chofunika kwambiri pa njirayi ndi dzanja lophunzitsidwa ndi wodwala wofika nthawi yabwino.

Njira yachiwiri ndi yootcha, imene pa Chingerezi amati radiofrequency ablation. Idafala m'zaka za m'ma 1990. Singano imalowa chimodzimodzi, koma m'malo mwa mankhwala imadutsitsa mphamvu ya magetsi imene imatenthetsa nsonga yake pakati pa madigiri 60 ndi 100. Chotupa chimapsa pamodzi ndi kachigawo kochepa kozungulira, kuti pasatsale mbeu. Wodwala amapatsidwa mankhwala oti asamve ululu, ntchito yootchayo imatenga mphindi zowerengeka, ndipo ambiri amatuluka m'chipatala tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake ali ndi kabala kochepa kophimba ndi pulasitala.

Mwina wina afunsa kuti, kodi chithandizo cha singanochi si cha anthu osauka, chongotonthoza mtima? Iyayi. Ku Japan adayerekeza njira ziwirizi pa odwala pafupifupi 300 amene anali ndi zotupa zosaposa zitatu, zosaposa masentimita 3. Ena adawachita opaleshoni, ena adawaotcha ndi singano. Zotsatira zake, zimene zidasindikizidwa m'chaka cha 2022, zidasonyeza kuti nthawi imene odwala adakhala khansa isanabwerere sidasiyane kwenikweni pa magulu awiriwo. Pa chotupa chaching'ono, singano ili ndi mphamvu yochiza ngati mpeni.

Njirayi ili ndi pofooka pake. Chotupa chikakhala pafupi ndi mtsempha waukulu, magazi oyenda amaziziritsa malowo, monga momwe mphepo imabera moto pa mafuwa nsima nkusapsa. Apa ndi pamene pamalowa njira yachitatu, ya microwave. Nayonso ndi ya singano, koma imatentha kwambiri ndi mofulumira, imaotcha malo okulirapo, ndipo magazi oyenda saisokoneza kwambiri. Zipatala zambiri za kunja tsopano zimakonda imeneyi. Palinso njira youmitsa chotupa ndi kuzizira koopsa m'malo mwa moto.

Ndisakunamizeni kuti singano ilibe ngozi. Pena magazi amatayika m'kati, pena pamachita mafinya, pena moto umakhudza ndulu kapena matumbo ngati chotupa chayandikana nazo. Ambiri amamva ululu ndi kutentha thupi masiku angapo. Koma ngozi zazikulu zimagwera anthu ochepa, ndipo sitingaziyerekeze ndi zimene zimachitika chotupa chikasiyidwa.

NJIRA ZA MTSEMPHA NDI ZA CHEZA

Pali odwala ena amene singano singawathandize, chifukwa chotupa chakhala pobisika kapena chakulirapo. Apa madokotala amagwiritsa ntchito nzeru ina. Chiwindi chimalandira magazi kuchokera ku mitsempha iwiri. Pafupifupi magawo atatu mwa anayi amabwera ndi mtsempha wochokera ku matumbo, otsalawo amabwera ndi mtsempha wochokera ku mtima. Chotupa cha khansa chimadya pafupifupi zonse kuchokera ku mtsempha wachiwiriwu. Inu alimi a kudimba mukudziwa: mukatseka ngalande imodzi, bedi limene limamwa pamenepo limauma, ena onse nkumakhala obiriwira.

Ndiye dokotala amalowetsa kapaipi kowonda mu mtsempha wa m'mphechepeche mwa ntchafu kapena wa pa dzanja, nakayendetsa mpaka pa kamtsempha kodyetsa chotupa. Amathiramo mankhwala a khansa, kenaka nkutseka kamtsemphako. Njirayi amaitcha TACE. Idayambira ku Japan, ndipo m'chaka cha 2002 madokotala a ku Barcelona ndi a ku Hong Kong adatsimikiza kuti imatalikitsa moyo. Ntchito yake yaikulu ndi pa khansa imene yapitirira pang'ono msinkhu woyambirira, ndipo kawirikawiri imaigwira kuti isakule, osati kuithetseratu. Pa khansa yoyambirira amaigwiritsa ntchito pamene njira zina zakanika, kapena amaiphatikiza ndi kuotcha ngati chotupa chili pakati pa masentimita 3 ndi 5.

Mu kapaipi komweko angathenso kudutsitsa timikanda tosaoneka ndi maso tokhala ndi cheza champhamvu cha yttrium-90, timene timakakhala m'chotupa nkumachiotcha kuchokera m'kati. Njirayi yaonetsa zotsatira zabwino pa chotupa chimodzi, koma ndi yokwera mtengo zedi, ndipo mphamvu ya timikandato imatsika ndi theka pa maola 64 aliwonse, kotero kuti sungatisunge m'nkhokwe ya mankhwala kudikira wodwala.

Njira ina ndi ya cheza chochokera kunja kwa thupi, imene amati SBRT. Makina a radiotherapy amalunjikitsa cheza champhamvu pa chotupa chokha kuchokera mbali zambiri, kawirikawiri maulendo atatu mpaka asanu. Palibe singano, palibe bala. Imalira makina olondola kwambiri ndi akatswiri odziwa, pakuti chiwindi chimakwera ndi kutsika munthu akamapuma. Kwa zaka zambiri dziko lino linalibe makina a radiotherapy ndi amodzi omwe, odwala ankadikira pa mndandanda wopita kunja. M'chaka cha 2024 ku Blantyre kudatsegulidwa chipatala cha khansa chomwe si cha boma chokhala ndi makinawa, ndipo mu 2025 boma lidatsegula chipatala chake cha khansa ku Lilongwe. Limenelo ndi khomo lotseguka, ndipo ndi udindo wathu kufunsa kuti odwala chiwindi adzalowa liti pa khomo limenelo.

Nanga mapiritsi ndi madiripi? Alipo. Sorafenib adavomerezedwa m'chaka cha 2007, ndipo mu 2020 kudabwera mankhwala odzutsa chitetezo cha m'thupi kuti chimenyane ndi khansa. Koma amenewa ndi a khansa imene yapita kale patali. Amaonjezera masiku, salowa m'malo mwa singano pa chotupa chaching'ono. Ndipo mankhwala aja amagulitsidwa m'mabasi ndi m'misika, a m'mabotolo opanda dzina, oti amatsuka chiwindi, palibe ndi amodzi omwe amene adapha chotupa. Ena mwa iwo amamaliza chiwindi chimene chinali chofooka kale.

Ndionjezere chinthu chimodzi. Kaya munthu wadulidwa kaya waotchedwa, khansa imatha kubwerera, pakuti nthaka imene idameramo ndi yomweyo. Pa zaka 5, imabwerera mwa odwala oposa theka. Choncho wochira ayenera kuunikidwabe pafupipafupi. Ubwino wa singano ndi wakuti angathe kuibwereza.

TINGAIPEZE BWANJI ISANALIRE?

Zonse ndanenazi ndi zopanda pake ngati wodwala afika monga adafikira malume. Funso lenileni ndi ili: chotupa chosapweteka tichipeza bwanji? Yankho lake ndi kudziwa amene ali pa chiopsezo ndi kuwaunika asanadwale.

Kuno kwathu gwero lalikulu ndi kachirombo ka hepatitis B. Bungwe la WHO lidawerengera kuti m'chaka cha 2022 anthu 254 miliyoni pa dziko lapansi anali nako, ambiri osadziwa. Kafukufuku amene adachitika ku Ndirande adapeza kuti pafupifupi akuluakulu 5 mwa 100 aliwonse ali nako. M'chipinda chino tilimo anthu oposa 100. Werengani nokha.

Kachiromboka kamayenda m'magazi. Ambiri adakatenga ali makanda, kwa amayi awo pobadwa kapena kwa ana anzawo. Kamadutsanso pa lezala limodzi lotemera mphini anthu angapo, pa mpeni umodzi kuchinamwali, ndi pogonana. Sikadutsa pa mbale ya nsima kapena pa moni wa pamanja, choncho palibe chifukwa chosalira munthu. Mwa makanda 10 otenga kachiromboka, 9 amakhala nako moyo wonse, ndipo kamadya chiwindi mwakachetechete zaka 20 kapena 30. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mnzake wa kachiromboka ndi chuku cha pa mtedza ndi chimanga chosauma bwino, chimene chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Ziwirizi zikakumana mwa munthu mmodzi, chiopsezo chimachuluka kwambiri. Malume ankagulitsa mtedza wabwino, wofota ndi wowola nkumasinjira nsinjiro za pakhomo. Ndani wa ife sadachitepo zimenezi? Onjezanipo mowa, hepatitis C, kunenepa kwambiri ndi matenda a shuga, mwapeza anthu oyenera kuyang'aniridwa.

Kuyeza hepatitis B ndi kadontho ka magazi a pa chala, monga timayezera HIV. Wopezeka nako ayenera kuonedwa ndi achipatala ngati akufunika mankhwala. Mankhwalawo ndi tenofovir, amene alimo kale mu ma ARV amene anthu ambiri akumwa m'dziko muno, ndipo amachepetsa kuonongeka kwa chiwindi ndi chiopsezo cha khansa. Ndikupempheni, musagawane ma ARV a wina, pakuti woyamba mankhwalawa nkuwasiyira panjira chiwindi chimamutembenukira. M'chaka cha 2024 bungwe la WHO lidafewetsa malamulo kuti anthu ambiri athe kuyamba mankhwalawa. Hepatitis C nayo masiku ano imachizika ndi mapiritsi a masabata 12.

Kenaka pali kuunika. Munthu wa chiwindi chouma, kapena wa hepatitis B amene ali pa chiopsezo, ayenera kuunikidwa ndi ultrasound miyezi 6 iliyonse, pamodzi ndi kuyeza magazi kotchedwa AFP. Ku Shanghai adatsata anthu oposa 18,000 a hepatitis B, ndipo m'chaka cha 2004 adalengeza kuti mwa amene ankaitanidwa kukaunikidwa kawiri pa chaka, imfa za khansa ya chiwindi zidatsika ndi 37 pa 100. Kwa ife a mu Africa nthendayi imagwira anthu akadali anyamata, nthawi zina chiwindi chisanaume nkomwe, choncho kudikira ukalamba nkudzinamiza. Ultrasound ikaona kanthu, pamafunika makina a CT kapena MRI kuti atsimikize.

Ana athu ali ndi mwayi umene malume analibe. Katemera wa hepatitis B adalowa m'ndondomeko ya katemera wa ana m'dziko muno m'chaka cha 2002, ndipo ku Ndirande komwe kuja, mwa ana obadwa katemerayu atayamba, kachiromboka kadapezeka mwa 3 okha pa 1,000. Bungwe la WHO limalangizanso kuti khanda lilandire katemera woyamba pasanathe maola 24 chibadwire. Koma onse obadwa chisanafike chaka cha 2002, amene ndi makolo ndi alimi a lero, katemerayu adawaphonya.

UFULU WOFUNSA

Amayi ndi abambo, titaika maliro tidapita kukayezetsa pabanja. Mwana woyamba wa malume, msuweni wanga wa zaka 26, adapezeka ndi hepatitis B. Ndi mnyamata wamphamvu, amakwera njinga ya kabaza tsiku lonse. Miyezi 6 iliyonse timasonkha ndalama ya basi kuti akaunikidwe. Ulendo uliwonse ndimadzifunsa: tsiku limene adzaone kankhomo ka bawo m'chiwindi chake, tidzalowera kuti? Kodi adzatiuza kuti mwabwera nthawi yabwino, gonani apa tiotche, kapena adzatilemba pa mndandanda wa ku India, chotupa nkumakula tikudikira?

Pamene kalata ya mabishopu a Katolika inkawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, ine ndinali ndisanabadwe. Koma ndidaiwerenga, ndipo mwa zimene idadzudzula munali kuthithikana kwa odwala ndi kuchepa kwa ogwira ntchito m'zipatala. Amene mudaponya voti pa 14 Juni 1993 simudavotere nyali kuti tizingosintha nkhope za atsogoleri. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994, pa gawo 13, amalamula boma kuyesetsa kupereka chithandizo cha zaumoyo chokwanira zosowa za Amalawi. Ku Abuja m'chaka cha 2001 atsogoleri a mu Africa adalonjeza kupereka 15 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya bajeti ku zaumoyo. Ndipo kuyambira 2020 tili ndi lamulo lotipatsa mphamvu yofunsa maofesi a boma kuti atiuze zimene akudziwa.

Tsono tiyeni tifunse. Phungu wanu akabwera, musangomupempha bokosi la maliro. Mufunseni zinthu zinayi. Choyamba, kuyeza hepatitis B kupezeke kwaulere pa chipatala chilichonse chaching'ono, makamaka ku sikelo ya amayi oyembekezera. Chachiwiri, wopezeka nako alembedwe m'kaundula ndi kupatsidwa tsiku lobwera kudzaunikidwa, monga timachitira ndi a ma ARV. Chachitatu, tenofovir apezeke kwa odwala chiwindi amene alibe HIV. Chachinayi, zipatala zathu zinayi zazikulu, ku Blantyre, Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu, zikhale ndi madokotala ophunzitsidwa njira za singano pamodzi ndi zipangizo zake. Ndalama yotumizira odwala owerengeka kunja ingathandize anthu ochuluka ikagwira ntchito konkuno.

Inu mafumu, lezala limodzi likhale la munthu mmodzi. Inu amayi, mtedza wa chuku musaupatse mwana, musaupatse nkhuku, ukwirireni. Inu abusa ndi mashehe, munthu akatupa mimba musalole kuti mudzi uyambe kuloza zala agogo osalakwa. Ndipo ife tonse, amene m'banja mwathu mudafapo munthu ndi nthenda ya chiwindi, tipite tikayezetse mwezi uno, tisanamve kanthu. Kuwongola mtengo mpoyamba.